Nkhuku Yomwe Idakonzedwa Ngati Farao

MUTU 6

1. Phukusi pansi pa mabuku

Loweruka limenelo mayi Hilda Chimbalanga sadapite kuntchito. Zotsatira za mayeso awo a unamwino zidatuluka Lachinayi, ndipo zidanena zomwe zija zidanena chaka chatha ndi chaka chinacho: alephera. Munthu amene adali mzamba wodziwika ku Zomba, kuno ku Scarborough, ku Canada, ankasambitsa nkhalamba ndi kuzisinthira zofunda. Ntchitoyo sankainyoza ayi, koma mtima unkawawa.

Mtima ukamawawa, mayi Hilda ankagwira tsache. Adakolopa m'khitchini. Adapukuta mawindo onse a nyumba yawo ya pansanjika yachisanu ndi chinayi. Kenaka adalowa m'kachipinda kosungiramo katundu, kuti atulutse katoni ya mabuku a mayeso aja akaitaye.

Atanyamula katoniyo adaona kabokosi ka nsapato pansi pake. Adakatsekula, nakuwa kamodzi kokha, n'kukhala pansi.

M'kabokosimo mudali chinthu chotalika ngati phazi la munthu wamkulu, chokulungidwa ndi tinsalu toyera tong'amba mwaluso. Pachifuwa pake padali kachilombo koumba ndi dongo. Pachivundikiro padajambulidwa diso limodzi lakuda, ndi munthu wa mutu wonga wa galu.

Paja amati safunsa adadya phula. Mwana wawo Lindiwe adali ku laibulale, misewu iwiri yokha kuchoka panyumbapo, foni ili m'thumba. Mayi Hilda sadamuimbire. Adaimbira a Tobias Nankhuni, mkulu wa mpingo wawo wa ku North York.

2. Lindiwe afotokoza

Lindiwe adali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Adabwera ku Canada ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, choncho Chichewa chidali chikadalimo, ngakhale chinkatsimphina akakwiya. Adafika cha m'ma thili koloko, nsapato zili matope okhaokha a chipale chosungunuka.

Pabalaza adapeza a Nankhuni ndi akazi awo, mayi Alice, atakhala majekete osavula. Kabokosi kaja kadali patebulo, atakaikira nyuzipepala pansi. Pambali pake padali chopanira nyama chomwe adakanyamulira, poti palibe adafuna kukagwira ndi manja.

"Mum, why is my chicken on the table?" adafunsa Lindiwe.

"Ana a kuno," adatero mayi Alice. "Moni sadziwa, koma nkhuku adziwa."

Lindiwe adachita manyazi. Adavula nsapato, napereka moni kwa alendowo ndi manja awiri monga adaphunzitsidwira. Atatero adayamba kufotokoza.

"Ndi pulojekiti ya kusukulu, ya mbiri yakale. Aphunzitsi anati aliyense aonetse mwambo umodzi wa anthu akale a ku Ejipito. Anzanga anamata makatoni n'kupanga mapiramidi. Ine ndinafuna kuona ngati njira yawo yosungira mitembo imagwiradi ntchito. Ndinatenga nkhuku, ndinaitsuka, ndinaikwirira mu mchere ndi soda masiku fote. Mcherewo ndimasintha sabata iliyonse. Itauma ndinaidzoza mafuta ndi sinamoni, n'kuikulunga. Lolemba ndikaprezenta."

Akadalekera pomwepo mwina zikadapepuka. Koma mwana wokonda phunziro lake sadziwa poleka. A Nankhuni atangoloza kachilombo ka dongo kaja, Lindiwe adatsekula kamwa ngati wailesi.

"Aka ndi kachilombo kaja kamagubuduza ndowe. Iwo amati dzuwanso limagubuduzika choncho m'mawa uliwonse, ndiye kamaimira moyo watsopano. Amakaika pamtima pa wakufa kuti mtimawo usakamuneneze pa chiweruzo. Disoli ndi la Horasi, loteteza. Uyu wa mutu wa nkhandwe ndi Anubisi, woyang'anira okonza mitembo. Iyeyu amaika mtima wa wakufa pa sikelo, mbali inayo n'kuikako nthenga ya Maati, ya choonadi. Mtima ukalemera ndi mabodza, chilombo chimaudya. Ukapepuka, munthuyo amalandiridwa ndi Osirisi."

Mawu aliwonse amene ankatuluka ankangothira mafuta pamoto.

"Mwamva?" adatero mayi Alice. "Akuwatchula mayina ngati amalume ake."

 Mayi Hilda adadzutsa mutu. "Nkhuku ija inasowa mufiriji mu Januwale ndi imeneyi? Ndinakalipira bambo ako kuti anawotcha ndi anzawo."

"Ndi imeneyi, amayi. Ndinalakwa. Ndinaopa kuti mukana, muti ndikuseweretsa chakudya."

"Nanga pansi pa mabuku anga imatani?"

"Ndi pouma, komanso pamdima. Katoni yanu ndi yolemera, imapanikiza chivundikiro. Yakhala pamenepo masabata awiri okha."

"Masabata awiri," adabwereza a Nankhuni pang'onopang'ono. "Zotsatira zatuluka Lachinayi. Nanga masiku fote onsewo inali kuti?"

"Kwa gogo Vainess, pansanjika ya fotini. Ndi amene anandipatsanso nsaluyi. Inali shiti yawo yakale, tinang'amba limodzi."

 Lindiwe adazindikira mochedwa kuti wagwetsa mwala m'chitsime.

Mayi Vainess Mbewe adali mayi wamasiye wa ku Katete, ku Zambia, wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri. Adabwera kudzalera zidzukulu, koma mwana wawo atapeza ntchito kutali, iwo adatsala okha pansanjika yakhumi ndi chinayi. Ankasunga ana a amayi ogwira ntchito za mashifiti. Lindiwe yemweyu adamusunga zaka zitatu. Cholakwa chawo chidali chimodzi: adali nkhalamba yokhala yokha, ya diso limodzi lofiira chifukwa cha matenda.

3. Mawu a akulu

A Nankhuni sadali munthu woipa. Ndiwo ankatenga anthu ku bwalo la ndege pagalimoto yawo, ndiwo ankathamangathamanga maliro akagwa. Koma zimene adakhulupirira, adakhulupirira ndi thupi lonse. Adavula magalasi, nawaika pabondo.

"Mwana wanga, khala pansi umve. Ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi, ndaona zambiri. Zinthu izi sizibwera zitanyamula chikwangwani. Zimabwera ngati masewera, ngati switi, ngati homuweki. Kwathu ku Ntcheu mwana wa mlongo wanga anayamba chonchi, kubisa timaphukusi. Titadzazindikira, madzi anali atafika m'khosi.

"Ukuti ndi phunziro. Phunziro lanji lotenga chinthu chakufa n'kuchisunga m'nyumba ya anthu amoyo? Kwathu wakufa timamuika m'manda, timasamba m'manja, timabwerera osacheuka. Anthu a Mulungu anatuluka m'dziko la Aigupto usiku, kuthawa mafano omwewa. Iwe wapita kukawatenga, wawalowetsa m'nyumba ya bambo ako, wawagoneka pansi pa mabuku a mayi ako. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Taona mayi ako mmene apotedwera, katatu konse.

"Ife sitikukuda. Mwana sayamba yekha zoterezi, amakhala ndi womuphunzitsa. Nkhalamba ija yakhala nawe kuyambira uli wamng'ono. Yakudyetsa zakudya zake. Lero yakupatsa nsalu yoyera ngati ya maliro, yakusungira chinthuchi masiku makumi anayi. Ukufuna tinene chiyani?

"Njira ndi yapafupi. Gwada apa. Unene ndi pakamwa pako kuti mayi Mbewe ndi amene anakutuma. Tikupempherera, chinthuchi ndikachiwotcha, nkhani itha lero lomwe. Iwe ndiwe mwana, mlandu si wako. Koma ukaumitsa khosi, kumbukira kuti samva anamva nkhwangwa ili m'mutu."

Lindiwe adatulutsa foni, naonetsa uthenga wa aphunzitsi wofotokoza za pulojekitiyo. A Nankhuni sadavale n'komwe magalasi.

"Sukulu za kuno zimaphunzitsa chilichonse," adatero. "Komanso aphunzitsiwo sanati ukaike pansi pa mabuku a mayi ako."

Mayi Hilda adaimirira, namukokera mwana wawo kukhitchini. Adatseka chitseko. Maso adali ofiira, ndipo ankalankhula motsitsa.

"Lindi, ndakupempha. Ine sindikudziwa choti ndikhulupirire. Mutu wanga sukugwira. Koma ndikudziwa chinthu chimodzi: kuno tilibe abale, abale athu ndi mpingowu. Tikadwala amabwera ndi iwowa. Akatitaya tidzalowera kuti? Anthu akamva kuti mwana wa Hilda amasunga zithumwa mwa yekha, palibe adzapondenso pakhomo pano. Akamva kuti anachita kumunyenga, adzatimvera chisoni.

"Bambo ako akubwera, atsitsa kale katundu wa m'thiraki yawo ku Hamilton. Unawamva wekha chaka chatha: ukadzangoyamba mwano kwa akuluakulu, sukulu ukamalizira ku Dedza kwa azakhali ako. Bambo ako sabwereza mawu. Ingonena zimene akufunazo, zithe. Mayi Mbewe ndi aakulu, adzapirira."

"Iwo alibenso abale kuno, amayi," adatero Lindiwe.

Mayi Hilda adayang'ana kumbali. 

4. Bondo limodzi

Atabwerera pabalaza adapeza mayi Alice atayala kale chitenje pansi, pogwadira. A Nankhuni adali ataimirira.

Lindiwe adapita pachitenjepo. Adagwada, koma adayang'ana kwa mayi ake, osati kwa mkulu wa mpingo.

"Amayi, nkhuku ndinatenga osapempha. Kumeneko ndi kuba. Bambo anakalipiridwa chifukwa cha ine, ine ndili phee. Ndinabisanso chinthu m'nyumba mwanu osakuuzani, mpaka mwadzidzimuka nacho. Zimenezi ndagwadira. Mundikhululukire."

"Pitiriza," adatero a Nankhuni.

Lindiwe adaimirira, nasasa mawondo.

"Ndathera pomwepo."

"Za mayi Mbewe?"

"Gogo sanandiphunzitse kanthu. Ndine ndinawaphunzitsa iwo. Anandiseka sabata yathunthu, amvekere nkhuku yabwinobwino ukuimwetsa mchere ngati usipa. Anandipatsa shiti chifukwa ndinapempha. That's all. Sindinena bodza limenelo."

"Mwana iwe, ukudziwa amene ukulankhula naye?" adafunsa mayi Alice.

"Ndikudziwa, ndipo ulemu wanu sindikuchotsa. Koma a Nankhuni, inu nomwe munatiphunzitsa ku Sande sukulu kuti tisachitire mnzathu umboni wonama. Simunati pokhapokha akakhala nkhalamba. Komanso makolo aja timawerenga kutchalitchi, amene anafera ku Aigupto, mitembo yawo inakonzedwa chimodzimodzi. Masiku ake ndi omwewa, makumi anayi. Munatiwerengera ndinu. Nawonso anali afiti?"

 Kugonja pamaso pa mwana n'kowawa, ndipo munthu wamkulu akasowa yankho amakweza mawu, monga adachitira a Nankhuni.

"Hilda, wamva wekha. Si mwana wako akulankhulayu."

"Ndine ndemwe," adatero Lindiwe. Mantha adali nawo ndithu, koma adapitiriza. "Milungu imeneyi sindiipembedza. Ndi anthu akale amene amaopa imfa ngati ife, n'kumayesa kusamala akufa awo mmene amadziwira. Amayi mayeso analephera kawiri nkhukuyi isanabadwe n'komwe. Amafika pano eyiti koloko atatopa, n'kumawerenga akusinza. Aliyense pano akudziwa zimenezo. Koma n'kosavuta kuloza gogo."

Mayi Hilda adagwira pakamwa. Mawuwo adali oona, koma choona chonenedwa pagulu chimabaya.

"Ku Dedza upita," adatero mayi Hilda ndi mawu otsika.

"Ndipita, ngakhale wapansi. Koma dzina la gogo sinditchula."

A Nankhuni adatenga chopanira nyama chija kuti anyamule kabokosiko. Poyamba adafuna kukawotchera pakhonde, koma adakumbukira kuti m'nyumba za kuno ukangopsereza buledi, belu la moto limatulutsa anthu a nsanjika zonse panja. Adati akawotchera kwawo.

Lindiwe adawatsogolera. Adanyamula kabokosiko ndi manja ake, nakakumbatira pachifuwa.

"Mukawotcha, ndani adzaone kuti mkatimu muli nkhuku chabe? Mudzatsala ndi nkhani yanu yokha."

Apa foni ya mayi Hilda idalira patebulo. Idaliranso, n'kuliranso. Mayi Alice adayamba kukonzakonza mpango wawo.

"Ndinangotumiza chithunzi ku gulu la amayi kuti atithandize kupemphera," adatero. "Ndi dzina la mayi Mbewe, kuti amene amasiyako ana achenjere. Ndalakwa pati?"

Chithunzicho adachitumiza pamene Lindiwe adali kukhitchini. Chigamulo chidapita kale mlandu usadathe.

Lindiwe sadavale n'komwe nsapato. Adatsekula chitseko, natuluka ndi masokosi.

5. Pansanjika yakhumi ndi chinayi

Eleveta inkachedwa, choncho adakwera masitepe. Atafika pamwamba adakumana ndi mayi wina wa mumpingo, akadali mu yunifolomu ya kuntchito, akukoka ana awiri. Wamng'onoyo ankalira akuloza m'mbuyo, jekete atavala dzanja limodzi. Mayiyo ataona kabokosi kaja adadziphatika kukhoma, nadutsa osapereka moni.

Mayi Vainess adali chiimire pakhomo pawo, m'manja muli kapu ya mwana yokhala ndi chivundikiro. Mkatimo zidole zidali mbwee pamkeka. Patebulo padali timbale tinayi ta mpunga wosatha kudya.

"Lindi, ni chani kansi?" adafunsa. "Onse abwera kutenga ana pakati pa shifiti. Nafunsa, palibe oniyankha. Kapena kuli matenda?"

 Lindiwe adakweza kabokosiko. Kenaka adafotokoza zonse, osasiya kanthu, ngakhale zoti dzina lawo adalitchula ndi iye mwini.

Mayi Vainess adamvetsera mpaka pamapeto. Adaika kapu ija pansi mosamala, nakhala pampando wa pafupi ndi chitseko. Sadalire. Lindiwe akadakonda akadalira.

"Mwana wanga, mvera ine manje," adatero. "Dzina ili la ufiti nilidziwa. Amayi anga aang'ono ku Katete anapatsidwa dzina lomweli. Anakhala nalo zaka khumi na ziwiri. Potunga madzi, okha. Kuchigayo, okha. Pa maliro awo tinali anthu asanu na mmodzi. Dzina ili likakumata silichoka, olo usambe na sopo wa bwanji. Ine nayenda pa ndeke, nawoloka nyanja, niganiza nalisiya kumbuyo. Kansi linakwera ndeke yomweyo.

"Lomba iwe uli na sukulu. Uli na amai na atate. Ine nakalamba, zanga zatha. Chithunzi chayenda kale, suzachibweza. Seluka, upite pansi kwanu, ukagwade, ukakambe zimene afuna. Ine sinizakusungira kukhosi. Usataye tsogolo lako chifukwa cha nkhalamba na nkhuku."

Aka kadali kachitatu tsiku limenelo munthu wamkulu kumuuza kuti agwade. Kawiri koyamba kadamukwiyitsa. Aka kadamuliza.

Adapukuta misozi ndi mkono wa juzi.

"Ayi, gogo. Inunso ndikukanirani. Mawa tipita limodzi kutchalitchi. Ndikaimasula nkhukuyi pamaso pa onse, kansalu kamodzikamodzi, aone mchere ndi mafupa."

"Nanga Mande ku sukulu uzaonetsa chani?"

"Ndikafotokoza pakamwa. Akandipatsa ziro, andipatse."

Mayi Vainess adapukusa mutu. "Mutu wako ni wouma monga nkhuku yako yomwe."

Kumapeto kwa khonde eleveta idalira, chitseko n'kutsekuka. Mudali bambo Solomon Chimbalanga, atavala jekete lawo la kuntchito yoyendetsa thiraki. Kunyumba adali atadutsako kale, zidaoneka pankhope. M'dzanja adagwira foni, ndipo pafoniyo pankaoneka chithunzi chija.

Sadatuluke. Adatsekereza chitseko cha eleveta ndi phazi.

"Lindiwe. Tiye kunyumba."

Chibadwire Lindiwe adali asadawakanirepo bambo ake. Adayang'ana masokosi ake onyowa. Kenaka adasendera pafupi ndi mpando wa mayi Vainess, naika dzanja paphewa pawo.

"Dad, kunyumba mwamva mbali imodzi. Inayo ili kuno. Bwerani muwafunse nokha, akuyang'anani m'maso."

"Sindibwereza."

"Ndikudziwa. Pasipoti yanga ili m'dilowa yanu, mukhoza kukagula tikiti. Koma pano sindichoka musanawapatse moni gogo."

Eleveta idayamba kulira, kudandaula kuti yaimitsidwa nthawi yaitali. Bambo Chimbalanga adayang'ana mwana wawo. Adayang'ana nkhalamba imene idawasungira mwanayo zaka zitatu.

Adachotsa phazi, natuluka. Chitseko chidatsekeka kumbuyo kwawo, ndipo adayamba kuyenda kulunjika pomwe padali awiriwo, nkhope yawo yosawerengeka.